Kutula pansi udindo mu komiti ya makolo ya sukulu ya mkombaphala: mafunso ndi mayankho

Sukulu zambiri za mkombaphala mu Mzuzu muno, kaya zokumana m'chipinda cha tchalitchi ku Chibavi kapena mu shedi ya malata kumtunda kwa Mchengautuwa, zimayenda chifukwa cha makolo ochepa amene anavomera kukhala mu komiti. Alezi ndiwo amakhala ndi ana, koma ufa wa phala, nkhuni, sopo, makiyi ndi kukumbutsa anthu zopereka, zonsezi zili pamutu pa komiti. Tsiku losankhidwa anthu amakuombera m'manja. Tsiku lofuna kusiya palibe amene amakuuza njira yake, n'chifukwa chake ambiri amangozimiririka. Mafunso otsatirawa ndi amene makolo amadzifunsa akafika pamenepo.

Ndatopa, ndipo bizinesi yanga ikuwonongeka chifukwa cha misonkhano. Kodi n'kulakwa kusiya nthawi yanga isanathe?

Ayi, si kulakwa. Ntchito imeneyi ndi yongodzipereka, simunalembedwe ndipo palibe malipiro. Munthu amene amakaoda tomato m'bandakucha kapena amagwira ntchito ya mashifiti ku Luwinga sangamakhale pa sukulu m'mawa uliwonse kuona ngati moto wayaka. Matenda, maliro otsatizana kumudzi, kusamutsidwa kuntchito, mimba, ngakhale kutopa kwenikweniko, zonsezi ndi zifukwa zomveka.

Cholakwika ndi china: kusiya kubwera osanena kanthu. Mukatero mpando wanu umakhala ndi mwini wake papepala, anzanu amachita manyazi kusankha wina poopa kukulandani, ndipo ntchito yanu palibe woigwira. Komiti zambiri zimene poyamba zinali ndi anthu khumi zimatsala ndi atatu mwa njira imeneyi, popanda ngakhale mmodzi amene ananena kuti "ine ndasiya".

Mwana wanga wayamba Sitandade 1. Udindo wanga sunathere pomwepo?

Sunathe wokha. Ana amakhala ku mkombaphala kuyambira zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo akakwanitsa zisanu ndi chimodzi amapita ku pulayimale, koma komiti siyendera msinkhu wa mwana wanu. Onani malamulo a sukulu yanu ngati alipo olembedwa. Ena amati membala akhale ndi mwana pa sukulupo, ena amalola aliyense wokhala m'deralo. Kaya malamulo akuti chiyani, muyenera kudzaonekera pa msonkhano, kupereka katundu ndi kutsanzika.

Ndinene maganizo anga pano: kholo limene mwana wake wachoka liyenera kuyamba kukonzekera kutula pansi, ngakhale likuikonda ntchitoyo. Amene mwana wake akumwa phalalo lero ndiye amazindikira msanga likayamba kukhala lamadzimadzi.

Nthawi yabwino yosiyira ndi iti?

Kumapeto kwa chaka cha sukulu, cha mu Julaye, ndiye pabwino, kuti olowa m'malo ayambe ndi ana atsopano mu Seputembala ndipo akhale ndi tchuthi chonse chophunzirira mabuku. Pa nthawiyi makolo ambiri amakhala atakolola kapena atalandira chimanga kuchokera kumudzi, choncho zopereka zimabwera mosavuta ndipo komiti yatsopano siyamba ndi sitolo yopanda kanthu.

Nthawi yoipitsitsa ndi Januwale ndi Febuluwale. Chimanga chimakhala chitakwera mtengo, makolo ena asiya kupereka, mvula ya kuno ikugwa osalekeza, denga likudontha ndipo nkhuni n'zonyowa. Mukasiya pamenepo wolowa m'malo mwanu amagwa mphwayi sabata yoyamba. Ngati n'kotheka pirirani mpaka temu ithe. Ngati n'zosatheka, chifukwa matenda sasankha mwezi, siyani basi, koma uzani anzanu mwamsanga. Mwezi umodzi wa chidziwitso ndi wokwanira kwa membala wamba; wapampando ndi msungichuma ndi bwino apereke temu yathunthu.

Ndiyambe kuuza ndani?

Musayambire pa gulu la WhatsApp. Uthenga wa pa gulu umawerengedwa ndi anthu ambiri nthawi imodzi, aliyense n'kuwonjezera zake, ndipo pofika madzulo nkhani imakhala yoti mwakangana ndi alezi.

Yambani ndi wapampando, pamaso m'pamaso. Ngati wapampandoyo ndinu, yambani ndi wachiwiri wanu ndi mlembi. Kenako mlezi wamkulu, chifukwa ndiye amakufunani tsiku ndi tsiku. Mukatero komiti yonse imve pa msonkhano. Pambuyo pake dziwitsani eni malo: ngati sukulu ili pansi pa mpingo, kaya wa CCAP Sinodi ya Livingstonia, wa Katolika kapena wina uliwonse, abusa kapena akulu ampingo asamve mphekesera, ngati ili ya m'dera, amfumu kapena block leader adziwe. Makolo onse amamva pomaliza, pa msonkhano umene udzasankhenso wina.

Pa msonkhano umenewo kumbukirani kuti muli ku Mzuzu. Ena amamva bwino Chitumbuka, ena Chitonga, ena Chichewa. Pemphani wina abwereze mfundo zanu m'Chitumbuka, makamaka za ndalama, kuti pasadzapezeke wonena kuti sanamve.

Kodi kalata ndi yofunika? Tonse timadziwana.

Ndi yofunika, ndipo kudziwanako ndiye chifukwa chake. Mawu apakamwa pakati pa anthu odziwana amasintha pakapita miyezi. Kalata isakhale yaitali:

"Kwa a Wapampando ndi mamembala onse a komiti. Ndikukudziwitsani kuti nditula pansi udindo wa mlembi kumapeto kwa temu ino chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito zapakhomo. Mabuku ndi katundu yense amene ali m'manja mwanga ndidzapereka pa msonkhano wotsatira. Ndathokoza chifukwa cha chikhulupiriro chimene munali nacho pa ine."

Lembani tsiku, sainani, ndipo lembani makalata awiri ofanana: imodzi ya komiti, ina yanu, yosainidwa ndi amene walandira. Simukukakamizidwa kufotokoza matenda anu kapena za m'banja mwanu. "Zifukwa zapakhomo" ndi yankho lokwanira.

Ine ndine msungichuma. Ndisiye bwanji kuti ndisadzatchedwe wakuba?

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa mbiri ya anthu ambiri abwino imawonongekera pa mpando umenewu, osati chifukwa anaba koma chifukwa sankalemba.

Yambani ndi kope la zolowa ndi zotuluka. Likhale lofika tsiku lomwe mukusiya. Pamene panalibe lisiti, monga pogula nkhuni kwa wanjinga kapena ndiwo za alezi pamsika, lembani tsiku, chinthu, mtengo ndi dzina la amene anali nanu. Musadikire tsiku la msonkhano. Khalani pansi ndi anthu awiri a mu komiti sabata imodzi msonkhano usanachitike, muwerengere limodzi. Ngati pali ndalama yosowa, inene nokha ndipo munene mmene mubwezere. Chosowa chimene mwaulula nokha anthu amachimvetsa, koma chimene atulukira okha mutachoka chimakula tsiku lililonse.

Chachiwiri ndi foni. Sukulu zambiri zimalandira zopereka pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kudzera pa nambala ya msungichuma. Nambalayo ndi yanu, inalembetsedwa ndi chiphaso chanu, ndipo makolo adzapitiriza kutumizako miyezi ingapo mutasiya. Tulutsani ndalama zonse za sukulu pamaso pa mboni, lengezani nambala yatsopano pa msonkhano ndi pa gulu, ndipo ndalama iliyonse yosokera kwa inu muitumize tsiku lomwelo n'kusunga uthenga wake. Komiti yanzeru imapezerapo mwayi wosiya kusakaniza ndalama za sukulu ndi za munthu.

Ngati sukulu ili ndi akaunti ku banki ndipo inu ndinu mmodzi wa osainira, dzina lanu silichoka lokha. Banki imafuna kalata ya komiti, zokambirana za msonkhano umene wasankha osainira atsopano, ndi ziphaso zaunzika za anthuwo. Auzeni aone ngati ziphaso zawo sizinathe nthawi. Pitani nawo limodzi. Kufikira tsiku limenelo musasainire cheke chopanda kanthu kuti "adzalembe okha", ngakhale akhale anzanu a mu kwaya.

Kenako katundu. Werengani matumba a chimanga, soya, shuga, mapoto, ndowa, makapu, mikeka ndi zoseweretsa, ndipo lembani kuchuluka kwake, osati mtengo wake wokha. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense anaona kuti ndalama yolembedwa m'kope chaka chatha siifotokoza kuti inali matumba angati. Wolowa m'malo mwanu akufunika kudziwa kuti ndowa imodzi ya ufa imatha masiku angati pa ana amene mulinawo, chifukwa ndiye maziko a zopereka.

Pomaliza ngongole, mbali zonse ziwiri. Makolo amene sanapereke alembedwe, koma mndandanda wawo uperekedwe kwa komiti, osati kuwerengedwa pagulu. Ngati sukulu ili ndi ngongole ku chigayo kapena kwa kalipentala, ilembedwenso. Ndipo ngati munagulapo shuga ndi ndalama za m'thumba mwanu, sankhani lero: mukuifuna kapena mwaipereka? Zikalembedwa kuti mwakhululuka, musadzaikumbutsenso pa maliro.

Nanga wapampando ndi mlembi amapereka chiyani?

Mlembi amapereka buku la zokambirana, kaundula wa ana ndi makolo awo, malamulo a sukulu, makalata onse olowa ndi otuluka, ndi mapepala osonyeza kuti sukulu ikudziwika ku ofesi ya Social Welfare. Kaundula muli mayina a ana, manambala a makolo, nthawi zina ndi za umoyo wawo, choncho musasunge zithunzi zake mu foni yanu mukachoka. Ngati ndinu woyang'anira gulu la WhatsApp, ikani wina kenako dzichotseni pa udindowo.

Wapampando katundu wake wambiri ali m'mutu. Ndani analonjeza malata? Ndi mlangizi uti woteteza ana amene amayendera dera lino? Mgwirizano wa malo amene pali sukulu unali wotani, ndipo unalembedwa kapena unali wapakamwa? Ndi kholo liti limene komiti inagwirizana mwakachetechete kuti lisamapereke chifukwa likulera ana amasiye? Zoterezi zilembeni, ndipo mutenge wolowa m'malo mwanu mukamuonetse kwa anthuwo maso ndi maso. Bungwe kapena munthu wakufuna kwabwino amene ankathandiza chifukwa chodziwana ndi inu amasiya msanga akaimbiridwa foni ndi munthu wachilendo.

Makiyi aperekedwe tsiku lomwelo, onse, kuphatikizapo ija munadulitsa yapadera.

Palibe amene akufuna kulowa m'malo mwanga. Aliyense akuti "pitirizani, mukutha bwino".

Mawu amenewa ndi okoma kumva, koma kawirikawiri tanthauzo lake ndi lakuti ntchito mwaisenza nokha mpaka anthu akuiopa. Ngati inu ndinu wotsegula m'mawa, wogula nkhuni, wolondola zopereka khomo ndi khomo, woyankha mwana akagwa, palibe wanzeru zake angavomere mpando wotero.

Igaweni musanachoke. Za phala zikhale ndi anthu awiri osinthana, za ukhondo wa chimbudzi ndi madzi osamba m'manja wina, za munda wa sukulu wina ngati ulipo. Mpando ukapepuka anthu amapezeka. Ndiponso musafunse pagulu kuti "ndani angadzipereke?", chifukwa aliyense amayang'ana pansi. Pitani kwa munthu kunyumba kwake, mumuuze chimene mwaona mwa iye ndi kuti mudzamuthandiza temu yoyamba. Musaiwale abambo. Komiti zambiri zimadzaza ndi amayi okhaokha pomwe pali abambo a kabaza, amisiri ndi ogulitsa mumsika amene sanafunsidwepo n'kamodzi komwe.

Tchulani tsiku lanu lomaliza ndipo musalisunthe. Mukalisuntha kamodzi, anthu aphunzira kuti mukhoza kunyengereredwa. Tsikulo likafika wina asanapezeke, wachiwiri wanu agwirizire mpaka chisankho.

Ndingasankhe ndekha wolowa m'malo mwanga?

Mukhoza kutchula dzina, koma osankha ndi makolo. Ndondomeko ya boma ya maphunziro a mmera mpoyamba, imene inatuluka koyamba mu 2003 n'kuunikidwanso mu 2017, imatenga sukulu za m'madera ngati za eni dera. Mpando si cholowa. Kupatsira mkazi wanu, mlamu wanu kapena mnzanu wa ku banki m'khonde popanda chisankho kumabala mawu oti sukulu ndi ya banja limodzi kapena ya anthu ochokera boma limodzi, ndipo mu mzinda wa anthu osakanikirana ngati uno mawu amenewo amachotsa ana pa sukulu.

Zoona zake n'zakuti ndikusiya chifukwa cha mkangano. Ndinene kapena ndibise?

Zimatengera mkanganowo. Ngati ndi kusamvana chabe, wina amalankhula mokalipa, wina amachedwetsa misonkhano, chokani mwaulemu osatchula munthu. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Anthu omwewo mudzakumana nawo pa mpopi, ku tchalitchi ndi mu komiti ya ku pulayimale.

Ngati mukukayikira kuti ufa kapena ndalama zikusowa, musachoke chete, chifukwa mawa adzati munadya nawo. Lembani zimene mwaona, masiku ndi kuchuluka kwake, perekani kwa komiti yonse ndi kwa eni sukulu, kaya mpingo kapena amfumu, ndipo pemphani kuti mabuku awerengedwe ndi anthu ena. Nenani zimene mukudziwa, osati zimene munamva.

Koma ngati nkhani ikukhudza mwana, kumenyedwa, kugwiriridwa, kutsekeredwa m'chipinda kapena kusiyidwa yekha, imeneyo si nkhani ya komiti ndipo kutula pansi udindo sikukumasulani. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, la Child Care, Protection and Justice Act, lilipo chifukwa cha zoterezi. Kanenani ku ofesi ya Social Welfare, kwa mlangizi woteteza ana, kapena ku polisi ku nthambi ya Victim Support Unit. Nambala ya 116, yoimbirako pa nkhani za nkhanza kwa ana, ndi yaulere. Musalole zoti "tikambirane pachiweniweni kuti mbiri ya sukulu isaipe". Nenani kaye, kusiya kubwere pambuyo.

Alezi akuti nanenso ndikachoka asiya. Nditani?

Mantha awo ndi omveka. Alezi ambiri m'sukulu za m'madera ndi ongodzipereka, ndipo kangachepe ka sopo kamene amalandira kamadalira kuti mu komiti muli munthu wowakumbukira. Musanachoke onetsetsani kuti zimene komiti inawalonjeza zalembedwa m'buku la zokambirana: ndalama zingati, tsiku liti, ndipo zotsalira ndi za miyezi ingati. Ngati pali mlezi amene dzina lake linaperekedwa kuti akachite maphunziro, wolowa m'malo mwanu adziwe kuti alondole.

Kenako auzeni mosabisa kuti kuyambira tsiku lakutilakuti madandaulo apite kwa wapampando watsopano. Akabwera kwa inu madzulo ndi nkhani za ku sukulu, alandireni, muwapatse tiyi, koma nkhaniyo muibweze kwa mwini wake.

Yathu ndi sukulu yolipira, ili ndi mwini wake. Zonsezi zikutikhudza?

Pang'ono. Kumeneko ndalama za fizi ndi malipiro a aphunzitsi zili m'manja mwa mwini sukulu, ndipo komiti ya makolo imagwira za zopereka zapadera, monga za mwambo wotsanzikana ndi ana kapena ulendo. Lembani kalata kwa mwini sukulu ndi kwa komiti, perekani ndalama za makolo kwa makolo anzanu osati kuofesi, basi. Kusiya kwanu kusakhudze mwana wanu m'kalasi. Mukaona kusintha, funsani mwachindunji.

Anthu ayamba kale kunena kuti ndathawa chifukwa ndadya ndalama.

Adzanena ndithu, ngakhale simunagwirepo khobidi. Musayankhe pa WhatsApp kapena pa Facebook. Pemphani kuti pa msonkhano wa makolo lipoti la chuma liwerengedwe mokweza, ndipo amene anawerengera nanu aimirire n'kunena kuti anaona. Pepala lopatsirana katundu, losainidwa ndi inu, wolandira ndi mboni ziwiri, lisungeni pamodzi ndi mapepala anu ofunika, osati m'kope la ana.

Nditasiya, ndingamathandizebe?

Inde, koma pogwira ntchito, osati polamula. Tsiku lanu lophika phala likafika pitani. Kukakhala koumba njerwa kapena kupalira munda wa sukulu khalani nawo. Mu Juni ndi Julaye, kuzizira kwa kuno kukafika poti ana akubwera akunjenjemera, mtolo wa nkhuni wochokera kwa inu udzalandiridwa ndi manja awiri.

Chovuta ndi pakamwa. Komiti yatsopano idzasintha zinthu: mwina tsiku la zopereka, mwina chigayo, mwina nthawi yoweruka. Zina zidzakhala zolakwika ndipo inu mudzaziona msanga. Mukafunsidwa yankhani. Mukapanda kufunsidwa, dikirani msonkhano wa makolo mukweze dzanja ngati wina aliyense, kapena muonane ndi wapampando pambali. Mawu oti "nthawi yathu sitinkatero" musawanene pamaso pa alezi kapena makolo. Ndipo makolo akamakuimitsani pamsewu n'kukupatsani ndalama za phala poti anazolowera, musalandire. Apatseni nambala ya msungichuma watsopano ndipo muwauze tsiku limene amapezeka pa sukulu.